Ku Kabwe, kumene agogo anakatenga malata

Lamlungu madzulo, kumudzi ku Mchinji

Chikwama ndalongedza kale. Pasipoti ili m'thumba la jekete, ndipo pansi pa zovala pali kamwala kamene ndakulunga m'sokosi. Kamwala kameneka ndi kamene kandidzutsa pakhomo pano.

Sabata yatha tinkasasula denga la nyumba ya malemu agogo aamuna. Achimwene anga a ku Joni anatumiza ndalama zoti tifolere ndi malata amakono obiriwira a IBR, popeza akalewo anayamba kudontha pabalaza ndi kuchipinda kwa amayi. Akalewo anakhomedwa mu 1960, oyamba m'mudzi muno. Kalipentala atanyamula lata lachitatu, pamwamba pa khoma panapezeka kachitini ka fodya wapamphuno kodyeka ndi dzimbiri, m'katimo muli kamwala. Kukula kwake ngati dzira la nkhunda, koma ukakaika pachikhatho dzanja limatsika lokha. Kunja n'kotuwa, pamene kanabenthuka n'konyezimira ngati galasi, ndipo kamabenthuka m'timakona toongoka ngati winawake anakadula ndi mpeni. Amayi atakaona anagwira pakamwa. "Mwala wa ku Broken Hill uja! Atate ankautulutsa alendo akabwera."

Agogo anapita ku mgodi wa Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe m'dziko la Zambia, mu 1951. Anabwerako patatha zaka 8 ndi njinga, makina osokera ndi ndalama za malata. Ankatiuza tili ana kuti chimene chimawala pa lata si chitsulo ayi, ndi zinki yomwe amachikuta nayo kuti chisachite dzimbiri, ndipo zinkiyo iwo ankaikumba ndi manja awo.

Ine ndimaphunzitsa Chichewa ku sekondale. Chaka chilichonse ndikawauza ana kuti alembe nthano kapena ndakatulo, wolemera amakhala m'nyumba ya malata onyezimira, wosauka amakhala wotuwa mbuu. Palibe amene anawaphunzitsa zimenezi, anayamwa. Koma taonani lata limene lagona padzuwa zaka zitatu, kenaka muone mwendo wa mwana wosadzola m'mwezi wa Ogasiti uno. Mtundu wake ndi umodzi. Tilibe dzina lake lenileni, timachita kubwereka: ngati malata, ngati siliva, ngati imvi, ngati phulusa. Dzina limene tasankha limaulula ngati tikusirira kapena tikumva chisoni. Ndikufuna ndikaone dothi limene mtunduwu unachokera usanafike padenga pathu.

Lolemba, Chipata

Kuchoka pa boma la Mchinji kupita kumalire tinapanikizana anthu 8 m'ka Sienta, aliyense K3,000, ine chikwama pamiyendo. Kuyambira kumapeto kwa 2022 malire a Mchinji ndi Mwami amagwira ntchito pamodzi, choncho sumaimanso kawiri monga kale.

Apa ndi pamene mtima unandigunda koyamba. Wofufuza katundu anapisa m'chikwama, n'kutulutsa sokosi ija, n'kuikhuthulira patebulo. Kamwala kanagwa ndi phokoso loposa msinkhu wake. Ndinaganiza kuti basi, andiyesa wozembetsa miyala yamtengo wapatali, ulendo wathera pano. Bamboyo anakatembenuza, anakayesa m'manja, kenaka anandifunsa kumene ndikukapereka. Ndinafotokoza za agogo, mawu akuthamanga. Anamvetsera mpaka kumapeto, anakakulunganso yekha. "Si siliva uyu, atate, ni mtovu. Yendani nawo, koma mukagwira muzisamba m'manja. Ana osawapasa." Ife tinkasewera nako tili ana, tikapatsidwa mwayi. Sindinamuuze.

Ku Chipata ndinafika masana. Ndapeza chipinda cha K250 ya kuno pafupi ndi siteshoni ya mabasi, ndagula tikiti ya Lusaka K400, ndadya nsima ya nkhuku yachikuda ndi chigwada. Mayi wogulitsa mtedza anandibwezera chenje cha kandalama kachitsulo ka K1, kopelepeseka, kotuwa. Kwathu kwacha imagawidwa m'matambala, kuno imagawidwa m'mangwee, mawu omwe aja timanena dzuwa likawomba pa lata latsopano: kwawala ngwee. Ndakhala pakhonde ndikukatembenuza kandalamako mpaka udzudzu unandithamangitsa.

Lachiwiri, pamsewu wa Great East

Anati tifike 4 koloko m'bandakucha. Tinafika, tinakhala m'basi kuzizira kukutibaya m'mawondo, ndipo inanyamuka itadutsa 5. Mlaliki anakwera nafe mpaka kutuluka m'tauni, anatipempherera, anatsika.

Makilomita oposa 550 si masewera, ndipo ine mpando wanga unali pamwamba pa tayala. Koma ndinali pazenera. Dzuwa litatuluka kumbuyo kwathu, midzi ya ku Katete ndi ku Sinda inayamba kuphethira. Denga limodzi phuli, lina phuli, ngati anthu akukupatsa moni ndi magalasi. Utha kuwerenga mmene ulimi unayendera pongoyang'ana madenga. Pamene pawala kwambiri mpaka kutsinzina, soya kapena mtedza unagulidwa bwino chaka chino. Pamene pali potuwa modekha, mwini wake anafolera kalekale, ana anakula. Pamene pafiira ndi dzimbiri ndipo pakhala miyala ndi matayala otsendereza, wofolerayo mwina anapita, otsala akungosunga. Mayi amene ndinakhala naye, wochokera ku Petauke, anaseka nditamuuza izi. "Nanga mkamwini timamuona potani? Timayang'ana denga la kwawo."

N'zoonadi kuti kwathunso lata si chofolera chabe. Kamuzu ankabwereza pamisonkhano zinthu zitatu, chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha. Mu 2014 boma linayambitsa pulogalamu ya malata ndi simenti zotsika mtengo, chifukwa aliyense wofuna mavoti amadziwa chimene mtima wa munthu wakumudzi umalakalaka. Mtsikana akakwatiwa bwino amati walowa m'nyumba ya malata. Mvula ikamalira padenga usiku, amene anakulira m'nyumba yaudzu yodontha amagona tulo tamtundu wina. Ine ndinabadwira pansi pa phokoso limenelo chifukwa cha agogo, ndipo ndimalikonda mpaka lero.

Pa Nyimba mayi uja anagula nthochi pazenera, anandithyolera zinayi, ndalama anakana. Titadutsa Kacholola msewu unayamba kupotoloka m'mapiri. Mapiriwo awatentha, phulusa lokhalokha, mitengo yoyoyoka masamba. Pakona ina panagona lole chagada, katundu ali mbwee. Ndinagwira mpando wakutsogolo mpaka zala kuuma, ndipo sindinachite manyazi kutseka maso dalaivala akamapitirira anzake. Agogo anadutsa muno pamwamba pa lole msewu uli wafumbi, atayenda pansi kuchoka ku Fort Manning, kumene lero ndi ku Mchinji, kufika ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata. Anali ndi zaka 22.

Mlatho wa Luangwa, uja wopachikidwa pazingwe zachitsulo womangidwa mu 1968, tinawoloka dzuwa lili pamutu. Madzi achepa, mchenga watambalala. Kutsidya kuli msika wa nsomba zowamba, malichero ndi mphasa. Ndinagula nsomba imodzi yokazinga K35 ndi botolo la madzi, ndinadyera chiimire basi ikuliza hutala.

Ku Lusaka tinalowa madzulo. Pa siteshoni ya mabasi ya Intercity anyamata anandikoka mbali zonse, aliyense akufuna chikwama changa. Ndatopa moti msana ukuchita kutentha. Ndagona kwa mwana wa azakhali ku Kaunda Square.

Lachitatu, Kabwe

Makilomita pafupifupi 140 okha, koma msewu akuukuza, ndiye ndi malole, fumbi ndi kudikira. K130. Ndinagona theka la njira.

Kabwe ndi tauni yafulati, yodekha, ya misewu yotakata ndi nyumba zakale za anthu a njanji, pakuti likulu la Zambia Railways lili konkuno. Mkuyu waukulu wapakati pa tauni ndauona podutsa. Chimene maso anga anathamangira ndi madenga a nyumba zakale za mgodi, malata ochindikala a mizere yozungulira ngati aja tasasula kwathu, okhomedwa ndi misomali yachipewa.

Kunyumba ya alendo magetsi anazima ndisanasambe. Mwini wake, bambo wokonda kucheza, anandipatsa mpando panja n'kuyamba mbiri ngati amaiwerenga pakhoma. Mu 1902 mzungu wina dzina lake T. G. Davey anapeza miyala ya mtovu ndi zinki pa timapiri ta pano, n'kutchula malowa dzina la mgodi wa kwina ku Australia, Broken Hill. Njanji inafika mu 1906. Anakumba ndi kusungunula zaka pafupifupi 90, mgodi n'kutsekedwa mu 1994. Dzina la Kabwe linabwerera dziko litalandira ufulu. Timapiri tija kulibenso, anatidya tonse mpaka kusanduka maenje.

Mtsikana wophika atamva kalankhulidwe kanga anandifunsa ngati ndine wa ku Malawi. Anati amalume ake ku Kasanda amalankhula chimodzimodzi, bambo awo anachokera ku Dedza, ndipo iwo anagwira ntchito kosungunulira mtovu mpaka tsiku lotseka. Wawaimbira foni. Akuti ndipite mawa m'mawa mphepo isanadzuke.

Ndadya nsima ya kapenta pa kandulo. Kapenta ali ngati usipa wathu, m'madzi ndi siliva weniweni, pathandala n'kutuwa.

Lachinayi, Kasanda

Lero ndilemba zambiri, chifukwa ndikagona nazo zindilemera.

Madalawo anandichingamira pamsewu, wamtali, mutu uli mbuu ndi imvi, atavala jekete yosita bwino. Anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Mwana wa kwathu. Kumudzi kuli bwanji?" Iwo kumudziko sanapondeko chibadwire. Bambo awo anali mchona, anabwera kudzagwira ntchito zaka ziwiri, manda awo ali konkuno. Koma Chichewa chawo n'chakale, chozama, cha mawu amene ine ndinawamva komaliza pakamwa pa agogo. Poyamba ndinkati abambo, iwo anati ndizingoti atate.

Ndinawaonetsa kamwala kaja. Sanakayang'ane n'komwe nthawi yaitali, anangokaponya m'mwamba pang'ono n'kukawakha. "Galena. Uyu ndiye mayi wake wa mtovu." Anandifotokozera mmene ankauotchera kuti sulufule ichoke, kenaka kuusungunula m'ng'anjo. Mtovu ukamatuluka, anatero, umayenda ngati madzi, wowala moti umadziona nkhope. Ukangokhala pang'ono pamphepo umachita kakhungu pamwamba ngati phala likamazizira, kakhungu kotuwa. Ukakanda ndi msomali kuwala kuja kumabwerera, mawa lake kwatuwanso. "Ndiye ife tinkati chitsulo ichi n'chamanyazi, sichifuna kuonedwa chili bwino."

Tinayenda wapansi kulowera kumgodi. Sipatali. Nyumba zimatha, ndipo pomwepo payamba chimulu chimene anthu kuno amachitcha Black Mountain. Dzinalo limati chakuda, koma ine ndinaona chotuwa moderapo, ngati phulusa la makala litanyowa, ndipo dzuwa likawomba cham'mbali timiyala take timaphethira ngati madenga a ku Sinda aja. Ndi zotsalira za ng'anjo za zaka zonsezo. Palibe udzu. Anyamata anali pamenepo ndi mapiki ndi mafosholo, ena ovala nsanza kukamwa, ambiri opanda kanthu, akukumba ndi kulongedza m'matumba zoti akagulitse kwa ogula miyala. Mayi wina ankaphwanya miyala ndi hamala, mwana ali pansalu pambali pake akudya chigumu. Malole ankatuluka odzaza, fumbi likuwatsatira mpaka m'makomo.

Cha m'ma 10 mphepo ya Ogasiti inadzuka. Ndinaiona ikunyamula fumbi pamwamba pa chimulucho n'kuliwazira ku Kasanda ndi ku Makululu. Ndinalimva m'mano. Ndinachita mantha enieni, ndinatulutsa mpango n'kutseka pakamwa, kenaka ndinaona ana anayi akusewera mpira wachikulunga osavala nsapato, miyendo yotuwa mpaka m'mawondo, ndipo mpangowo unandilemera m'manja. Ine ndidzachoka mawa kapena mkuja.

Mwana wotuwa miyendo ndamuona moyo wanga wonse, ndipo kwathu mankhwala ake ndi madzi ndi mafuta odzola. Kuno ayi. Akazi a madalawo anagwirapo ntchito yothandiza kuchipatala, ndipo titabwerera kunyumba anandikhazika pansi n'kundifotokozera bwinobwino. Mtovu sumva kukoma, sununkha. Mwana amaudya ndi dothi la m'zala, amaupuma ndi fumbi, mayi woyembekezera amene amalakalaka dothi amaupatsira mwana ali m'mimba. Thupi limauyesa kashiamu n'kuusunga m'mafupa zaka zambiri. Umachepetsa magazi, ndiye mwana amatuwa m'zikhatho ndi m'maso, kutuwa kwa m'kati kumene sopo safikako. Choopsa kwambiri umakhudza ubongo umene ukukula, mwana n'kumavutika kugwira za kusukulu, aphunzitsi n'kumati ndi waulesi. Apa ndinaweramitsa mutu, chifukwa mawu amenewo inenso ndinawanenapo kwa ana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ndi wabwino. Ukafika 5 pa muyeso wawo ayenera kufufuza kumene ukuchokera, ukafika 45 mwana amafunika mankhwala ochotsa mtovuwo. "Kuno," anatero mayiwo, "45 si nambala yodabwitsa."

Pabwalo pawo anadzala kapinga, ndipo m'mawa uliwonse amawaza madzi asanasese. Nsapato zimatsala pakhomo. Zidzukulu sizidya zisanasambe m'manja ndi sopo, ndipo ndinaona mdzukulu wina akubwezedwa kawiri. Koma madzi amagula, ndipo mphepo sidziwa mpanda. Anandiuza za ntchito ya ndalama za World Bank yomwe inavomerezedwa mu 2016, pafupifupi madola 65 miliyoni, imene inayeza ana magazi, kupereka mankhwala ndi kukwirira mabwalo ena ndi dothi labwino. Mwana amamwa mankhwala, nambala imatsika, amabwerera kubwalo lomwelo, chimulu chili pomwepo. Anandiuzanso za mlandu umene unakasumidwa ku Johannesburg mu 2020 m'malo mwa ana ndi amayi a kuno. Kampani yosumiridwayo, imene kale inali ndi gawo mu mgodiwu, imakana kuti vutoli ndi lake, ndipo kumapeto kwa 2023 khoti linakana kuti mlanduwo upitirire ngati wa gulu. Oimira anthuwo anachita apilo.

Tikudya nsima ya chibwabwa chotendera, ndinafunsa madala ngati akuluakulu ogwira ntchito ankadwalanso. Anaika pansi mbamu. Anati ankadziwana okhaokha. Munthu amayamba kupotokola m'mimba ngati akukupinda matumbo, kudzimbidwa masiku, mutu, kupsa mtima pa zinthu zazing'ono. Ena dzanja limalefuka pamfundo n'kumalendewera, kulephera kugwira ngakhale kapu. Ndipo anakweza mlomo wawo ndi chala kundionetsa pamene pamatuluka kamzera kotuwa modera, m'mphepete mwa usinini pamene mano amerera.

Nsima inandikanika.

Agogo anabwera kumudzi dzanja lamanja likulendewera. Khasu sanaligwirenso bwino. Usiku ankabuula ndi m'mimba, ndipo munthu amene anapita ali wofatsa anabwera wa ukali woti ana ankathawira kunkhokwe. Zonsezi zinakula chaka chomwe anakhoma malata. Ndiye mudzi unawerenga mmene mudzi umawerengera: walodzedwa chifukwa cha denga. Anakaombeza, ula unagwa pa mng'ono wawo weniweni. Agogo aang'onowo anasamuka usiku kukamanga kutsidya kwa mtsinje, anamwalira ndi dzina la ufiti, ndipo mpaka lero zidzukulu zawo ndi ife timapatsana moni wa pamaliro basi. Ine ndikukumbuka agogo akuseka, ndili pamiyendo pawo, kamzera kaja kali pamwamba pa mano. Ndinkayesa n'fodya.

Ndinawauza madala zonsezi. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Dya, mwana wanga. Wayenda mtunda." Mayiwo anandiwonjezera ndiwo.

Usiku uno ndachapa nsapato, thalauza ndi mpango m'ndowa, madzi ake anatuluka ngati osungunulira phulusa. M'Baibulo la m'chipinda muno ndapeza pa Eksodo 15, pamene akuti ankhondo a Farao anamira m'madzi ngati mtovu. Ndawerengapo kambirimbiri kutchalitchi osalabadira. Wolembayo anaugwirapo m'manja, anadziwa kuti ndi chinthu chopita pansi osabwerera. Tulo palibe.

Lachisanu, Kabwe

Ndinafuna kunyamuka lero koma miyendo inakana. Ndinabwerera ku Kasanda ndi shuga, sopo ndi buledi.

Madala anali ndi nkhani ina yoti andiuze, ya chigaza. Mu 1921 okumba mgodi anapeza chigaza cha munthu wakalekale m'phanga la pa kaphiri kamodzi kaja. Akatswiri akuti chili ndi zaka pafupifupi 300,000. Anachitengera ku London, chili kunyumba yosungirako zinthu zakale ya Natural History Museum mpaka lero, ndipo boma la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere. "Waona," anatero, "mtovu unapita, zinki inapita, ndi mutu wa mwini dziko womwe unapita. Chotsala ndi chimene sankachifuna." Sananene mokwiya. Ananena ngati munthu wowerenga mbuzi zake madzulo.

Ndinawafunsa ngati amadana nawo mgodiwo. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. Unaphunzitsa ana awo asanu, mmodzi ndi namwino ku Ndola. Utatsekedwa tauni inazizira ngati pamaliro, amuna ankangokhala pansi pa mitengo. Anyamata ali pachimulu aja si opusa, akudziwa chimene akupuma, koma madzulo ana amafuna nsima. Anandilozera denga lawo, malata a kampani a m'ma 1950, otuwa bwinobwino opanda bowo ngakhale limodzi. "Geji ya masiku ano ungaiboole ndi chala. Awa adzandiika m'manda." Ananena monyadira, ndipo ndinawamvetsa, chifukwa kunyada komweko ndinakulira nako.

Dzuwa linkawomba pamutu pawo, imvi zikuwala pansi pa denga lija. Miyambo 16 imati imvi ndi korona, ndipo kwathu timati akulu ndi m'dambo mozimira moto. Anzawo ambiri a ku ng'anjo sanafike pomera imvi. Anawatchula mmodzimmodzi, ena a ku Ntcheu, ena a ku Nkhata Bay, ena a ku Tete.

Potsanzikana anandipempha chinthu chimodzi. Ndikadzadutsa ku Dedza ndidzawajambulire phiri, ndiwatumizire pa WhatsApp ya mdzukulu wawo. Bambo awo ankalinena tsiku lililonse. Ndinafuna kuwasiyira kamwala kaja, anakana. "Ife tili nawo wokwanira. Katengere kwanu, ukawaonetse."

Ndagula botolo lagalasi la chivindikiro cholimba pamsika, K10. Kamwala kali m'menemo tsopano. Sokosi ndataya.

Loweruka, pamsewu

Kabwe, Lusaka, kenaka basi ya m'mawa wa Lamlungu. Palibe chimene ndaona, ndimangosinza. Pa malo ena anyamata ankagulitsa miphika yotuwa youmba ndi zitsulo zakale zosungunula, yonga imene amayi amaphikira nyemba. Ndinakumbukanso asodzi a ku Senga Bay akusungunula za m'mabatire akale a galimoto m'chitini kuti apange zolemeretsa maukonde, ana atazungulira moto. Mtovu suli ku Kabwe kokha.

Lolemba, kumudzi

Ndinafika usiku, ndinapeza denga latsopano latha. Lobiriwira, lokongola, anthu odutsa akuima kuliyang'ana. Malata akale awaunjika pansi pa mango.

M'mawa uno amayi anandipatsa phala n'kukhala pamphasa kudikira. Ndinawauza zonse mwadongosolo, za chimulu, za ana, za madala a ku Dedza amene sanaone Dedza. Za dzanja ndi za kamzera ka pa usinini ndinasunga kumapeto, ndipo ndinanena ndikuyang'ana pansi. Amayi anali ndi zaka 9 usiku umene atate awo aang'ono anasamuka. Anathandiza kunyamula nkhuku mpaka pamtsinje, osadziwa chifukwa chake.

Sanayankhe. Anatenga botolo lija, analiyang'ana padzuwa, analowa nalo m'nyumba n'kukaliika pamwamba pa kabati pamene zidzukulu sizifika. Anasesa pabwalo ngakhale panali posesa kale. Kenaka anapita pansi pa mango n'kuyamba kutembenuza malata aja limodzilimodzi, akugogoda ndi chala.

"Abwino ndi angati?"

Ndinawerenga. 14.

"Khitchini ya kutsidya ija ndi yaudzu, imadontha. Utenge 8, upite nawo ndi anyamata. Ukanene kuti ndatumiza ndine. Zinazo ndikanena ndekha Lachitatu."

Tawasenza awiriawiri masana ano. Ndi olemera kuposa a masiku ano, ndipo pamwala wowolokera mphepo inafuna kutilanda limodzi. Kutsidyako tinapeza mayi wachikulire akusola chimanga pakhonde. Anaimirira, anaika dzanja pamphumi chifukwa cha dzuwa, n'kufunsa kuti ndife ana a yani.